Ng'ona Inkadziwa Nthawi Yanga

Chaka cha 2006 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndinali ndisanagonepo m'chipatala, ndipo dzuwa linali lisanandipezepo pamphasa.

Kuno kwa Malemia munthu wodzuka mochedwa sadya. Mwezi wa Okutobala, ikamakwana naini koloko, mchenga umawotcha mapazi ndipo khasu silikwezeka. Ntchito ya tsiku lonse imagwiridwa pakati pa kulira kwa tambala ndi nthawi imeneyo. Ukaphonya pamenepo wataya tsiku.

Kudzuka anandiphunzitsa ndi bambo anga. Iwo anachokera tsidya la Mozambiki atanyamula khasu ndi chikoti cha chikopa cha mvuu. M'mamawa ankaima pakhomo n'kunena liwu limodzi la Chisena: "Lamuka!" Sankabwereza. Chotsatira chinali chikoti. Zipsera zake ndili nazo kumsana mpaka lero. Atamwalira, abale anga anagawana ng'ombe. Ine ndinatenga chikoticho.

Nditakula ndinakonza njira yanga, ndipo sindinaisinthe kwa zaka makumi atatu. Ndinkagona nkhuku zikangolowa m'khola. Kachasu sindinkamwa, fodya sindinkasuta. Madzulo sindinkadya mokhuta kwambiri, chifukwa mimba yolemera imakanikiza munthu pamphasa. Tambala akalira kachiwiri ndinkaimirira nthawi yomweyo, osayamba ndatembenuka. Ukatembenuka kamodzi, tulo takugwira mwendo. Ndinkamwa chikho cha madzi a mumtsuko, kenako n'kutsika ku Shire. Kumeneko ndinkavula, n'kulowa mpaka m'chiuno, n'kumira katatu. Madzi a m'mamawa amachotsa tulo m'mafupa. Pobwerera ndinkapeza mkazi wanga atakonza phala la mapira lothira bwemba, nthawi zina la ufa wa malambe. Ndiwo zathu sizinkasowa masamba a chammwamba. Ndikamwa phalalo ndinkalima mpaka anyamata n'kumagwa m'mbuyo mwanga.

Anthu ankandidziwa ndi zimenezi. Amayi a m'mudzi ankafunsana kuti, "Adutsa kale?" Ndikakhala kuti ndadutsa, ankadziwa kuti yakwana nthawi yokoleza moto. Zinkandikoma.

Padoko pathu panali mpanda wa mitengo yozikidwa m'madzi, wotchinga ng'ona. Mkati mwake ndi mmene amayi ankatungira madzi ndi kusambitsira ana. Ine sindinkalowamo. Ndinkati mpanda ndi wa akazi. Malo anga anali kumunsi pang'ono, pansi pa mtengo wa mkuyu, pamene gombe limatsetsereka bwino. Malo omwewo, nthawi yomweyo, tsiku lililonse kupatula masiku a madzi osefukira.

Panali msodzi wina wa kwa Nyachikadza amene tinaphunzira limodzi mpaka Sitandade 5. Nthawi zina ankakocheza bwato lake pafupi ndi mkuyuwo akamachokera kokaonjola maukonde. Tsiku lina anandipeza ndikutuluka m'madzi.

"Iwe mdala, ukadali pompano?" anatero. "Uzisinthako malo. Ng'ona ili ndi wotchi."

"Inagula kuti?"

"Ukuseka. Imagona pansi apo n'kumawerenga. Lero yakuona, mawa yakuona, mkuja yakudziwa. Ife asodzi sititsikira pamodzimodzi masiku atatu otsatizana."

"Zaka makumi atatu ndikusamba pano," ndinamuyankha. "Ngati ikuwerenga, ndiye kuti masamu anaivuta ngati mmene anakuvutira iwe."

Anaseka, nandiponyera mlamba umodzi. Koma asanapalase ananenanso kuti kumunsi ng'ona inali itagwira mbuzi sabata yomweyo. Patapita masiku awiri ndinaona mkukuluzi wa mimba yake pamchenga, pafupi ndi pamene ndinkaika zovala. Ndinaufufuta ndi phazi kuti amayi asayambe phokoso.

Tsopano ndinene za mwana wanga.

Anali wachiwiri kubadwa, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wokwatira, wa mwana mmodzi. Mkazi wake anali wa kwa Kasisi. Tinamulowola ndi ng'ombe, ndipo ankakhala pakhomo pathu. Mwana wangayo anali atapita kukadula nzimbe ku esiteti, koma mu Ogasiti anabwerako. Anati sankamaliza ndime yake. Ndinachita manyazi. Mwana wa ine kulephera ndime!

Chibwerereni, m'mawa uliwonse inali nkhondo. Ndikaitana, ankayankha koma osatuluka. Akatuluka, ankayenda ngati wasenza thumba la mchenga. Kudimba ankalima mizere iwiri n'kukhala pansi, akupuma ngati galu. Chimanga cha kudimba chinali chitauma, chofunika kukolola mvula isanagwe kumtunda ndi kudzaza mtsinje. Manja anali ochepa. Ine ndinkaona ulesi basi.

Mayi ake anandiuza kawiri. "Inu, tamuyang'anani mwanayu m'maso. Si mmene analili."

"Maso a munthu wogona kwambiri amatero."

Mpongozi wanga, mkazi wa mnyamatayo, anabwera madzulo ena ndili pakhonde. Anagwada patali, monga mwa ulemu wake.

"Baba, ndapota nanu. Akumatentha thupi usiku. Akakodza, mukumakhala magazi. Mawa ndiwaperekeze kuchipatala."

"Anyamata onse a m'mbali mwa mtsinje amakodza magazi," ndinatero. "Inenso ndinakodzapo. Ndinafa?"

"Ayi, baba."

"Chipatala chake chili pansi pa mkuyu. Mawa ndimutengera komweko."

Anadzuka n'kubwerera kunyumba kwawo.

M'mawa mwake tambala analira kachiwiri. Ndinaimirira, ndinamwa madzi, ndinapita pakhomo pa nyumba yawo.

"Lamuka!"

Zii.

Bambo anga sankabwereza. Ine ndinabwereza, ndipo ndinkadziona ngati munthu wachifundo.

"Lamuka!"

"Baba, ndikubwera," anayankha ndi mawu a pansi. Ndinadikira. Sanabwere.

Ndinabwerera kwanga n'kukatenga chikoti pamene chinkakhala, kudenga. Chitseko chawo chinali cha bango. Ndinachimenya ndi phazi, chinagwera mkati. Kulowa m'nyumba ya mpongozi ndi chinthu chosachitika kwathu, ndipo ine ndinkadziwa. Ndinalowa. Mkaziyo anakuwa, nathawira kukona atafungatira mwana. Mwana wanga anali chigonere chafufumimba. Ndinang'amba neti ya udzudzu ndi dzanja limodzi, ndinamukwapula pamsana. Chikoti cha mvuu sichilira kwambiri. Chimangoti thi, khungu n'kutseguka. Ndinamukwapula kanayi. Kachitatu anayesa kudzuka, mawondo anakana, anagwa ndi chibwano pansi. Kachinayi anagwira nsonga ya chikoti.

"Baba, ndine munthu wamkulu. Mwana wanga akuona."

"Aone. Adziwe mmene amadzukira amuna."

Ndinamugwira pamkono n'kumukokera panja. Mkonowo unali wotentha ngati mbale ya pamoto. Ndinaumva. Sindinganame kuti sindinaumve.

Mayi ake anatuluka atangomanga chitenje pachifuwa. Anandigwira malaya. "Mupha mwana! Inu, mupha mwana!" Ndinawakankha, anagwera pa mtondo. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawakankhepo.

Kuchokera pakhomo kufika kumtsinje ndi mtunda waufupi. Tinayenda iye patsogolo, ine pambuyo ndi chikoti. Anagwa kawiri. Kum'mawa kunali kutayamba kufiira. Amayi atatu anali kale mumpanda ndi ndowa zawo. Atationa analeka kutunga.

Pofika pa mpandawo mwana wanga anaima. "Ndisambe muno, baba."

"Wasanduka mkazi?"

Mmodzi mwa amayiwo anaseka, kenako anaona msana wake, nadzitseka pakamwa.

Tinafika pansi pa mkuyu. Madzi anali bata, a mtundu wa phala, opanda kanthu koyandama. Masiku onse ndinkayamba kulowa ndine. Tsiku limenelo ndinaima pamtunda, chifukwa ndinkafuna kuona kuti wamira katatu.

"Lowa."

Analowa mpaka m'mawondo, akunjenjemera.

"Mpaka m'chiuno."

Anapita patsogolo masitepe awiri. Anaima pamalo enieni amene ine ndinkaima, pa nthawi yeniyeni imene ndinkaimapo. Anatembenuka kundiyang'ana. Anamira kamodzi, navuuka, akupukuta kumaso.

Kachiwiri sanamire yekha. Madzi anaphulika kumbuyo kwake. Ndinaona mutu wautali ngati mpini wa khasu, kenako mwana wanga anagwa chagada ngati wathyoledwa pakati. Sanakuwe. Anangoti, "Baba," mmene munthu amaitanira wina kuti amupatsire chinthu. Kenako anapita pansi.

Ndinataya chikoti n'kudumphiramo. Ndinapapasa m'madzi, ndinagwira tsitsi, linapulumuka. Ndinagwira dzanja. Ndinaponda pansi ndi mphamvu zanga zonse n'kukoka. Mutu wake unatuluka, anakoka mpweya, apo ndiye anakuwa. Kukuwa kumeneko sindidzakulemba. Ng'ona inali itamugwira mwendo wamanja, pansi pa bondo. Inakoka, ine ndinakoka. Mapazi anga ankalima matope kulowera kwakuya. Madzi anandifika pachifuwa.

Kenako inayamba kuzungulira. Ng'ona ikagwira chinthu imadzipota ngati munthu wofinya chovala. Mwana wanga anatembenuzika m'manja mwanga, nkhope pansi, nkhope kumwamba. Ndinamva fupa likuthyoka. Ndinalimva kudzera m'dzanja lake, osati ndi makutu. Madzi otizungulira anasanduka ofiira.

Ndinadziwa kuti pokokana sindingaipambane. Ndinasiya dzanja la mwanayo n'kudzigwetsera pa ng'onayo. Msana wake unanding'amba pamimba ngati thabwa la misomali. Ndinaikumbatira pakhosi ndi dzanja lamanzere, lamanja ndikufufuza diso. Ndinalipeza. Ndinalowetsa chala chachikulu mpaka chonse chinalowa, ndinapotokola. Chinachake chinaphulika mkatimo, chofunda. Mchira wake unandimenya m'nthiti, mpweya unandithera, koma chala sindinachotse.

Inatsegula kukamwa. Mwana wanga anamasuka. Pomwepo inatembenuza mutu n'kundigwira dzanja lamanja lomwelo. Sindinamve kupweteka. Ndinangomva ngati chitseko cha galimoto chandipana. Inandigwedeza kawiri, inandimiza. Ndinamwa madzi. Pansipo ndinaona mdima wofiirira, ndipo ndinaganiza kuti yapeza munthu amene inkamudikira.

Amene anandipulumutsa ndi msodzi uja. Anali akubwera ndi bwato lake pa nthawi yake ya masiku onse, ndipo anamva amayi akukuwa. Anafika n'kuyamba kuimenya pamutu ndi nkhafi mpaka nkhafiyo inathyoka. Chotsalacho, chosongoka, anailasa nacho m'diso lomwe ndinaboola lija. Ng'ona inadzipota komaliza, inapita ndi zimene zinali m'kamwa mwake. Ndinavuuka. Ndinakweza dzanja kuti ndigwire bwato, ndipo ndinaona kuti latsala ndi chala chachikulu ndi cholozera basi.

Amayi aja, omwe ndinkanyoza mpanda wawo, ndi amene analowa m'madzi n'kukokera mwana wanga pamtunda. Mwendo wake unali ukulendewera ndi mnofu ndi khungu. Phazi linaloza kumbuyo. Magazi ankatumpha. Mpongozi wanga anafika akuthamanga. Sanalire. Anamasula mphira wa pa njinga ya munthu wina amene anaima kudzaonerera, namanga pamwamba pa bondo, nakoka ndi mano mpaka magazi analeka kutumpha. Ine anandimanga ndi msodzi uja, ndi chingwe cha ukonde.

"Ndinakuuza, galu iwe," ankatero akumanga, misozi ikutsika. "Ndinakuuza."

Anatinyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka kumsewu, kenako pa galimoto ya matola mpaka kuchipatala cha ku boma. Mwana wanga anali atatseka maso. Milomo yake inali yotuwa ngati phulusa. Mayi ake anamuika mutu pamiyendo, akumuitana dzina la paubwana njira yonse. Palibe anandiyankhula. Dzuwa linali litakwera, ndipo kanali koyamba kuti lindipeze nditagona.

Kuchipatala anamulowetsa m'chipinda chochitira opaleshoni. Ine anandisoka panja pake. Patapita nthawi anatuluka dokotala, mnyamata wosapitirira msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Bambo ake ndani?"

"Ndine."

"Mwendo sitingaupulumutse. Tiudula pa bondo. Koma vuto lalikulu ndi magazi. Munthuyu magazi anali atamuthera kale ng'ona isanamugwire. Ali ndi malungo, ali ndi likodzo lakalekale. Ankayenda bwanji? Ankadzuka bwanji m'mawa?"

Kenako anafunsanso.

"Nanga mabala anayi a pamsanawa? Imeneyonso ndi ng'ona?"

Mkazi wanga anali pomwepo. Mpongozi wanga anali pomwepo. Akanatha kunena, koma anangoyang'ana pansi.

"Ndine," ndinatero.

Dokotalayo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati pakufunika achibale opereka magazi msanga. Ndinatambasula dzanja lotsalalo. Anapukusa mutu. "Inu mwataya ambiri. Anu sitingatenge." Magazi amene ndinkawanyadira zaka zonsezo anakhala opanda ntchito. Anapereka ndi mpongozi wanga, ndi msodzi uja, ndi mlongo wake wa mpongoziyo amene anafika madzulo kuchokera kwa Kasisi.

Masiku atatu sitinkadziwa ngati akhala moyo. Anandigoneka wodi yomweyo, mabedi anayi kuchokera pa iye. Tambala wa kuseri kwa chipatala akalira kachiwiri, maso anga ankatseguka okha. Ndinkadzuka n'kukaima pa bedi lake, kumvetsera ngati akupuma. Liwu lija linkafika pakamwa panga mwa chizolowezi. Ndinkalimeza.

Tsiku lachinayi anatsegula maso. Anandiona. Anayang'ana nsanza za padzanja langa, kenako pamene panayenera kukhala mwendo wake. Anatembenukira kukhoma.

Anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Anamupatsa mankhwala a malungo, a likodzo ndi owonjezera magazi. Tsiku lotuluka sanabwere kwathu. Alamu ake anabwera ndi galimoto n'kumutengera kwa Kasisi, iye, mkazi wake ndi mwana. Kwathu mwamuna amene analowola sakakhala kwa mkazi. Abale anga anabwera kudzandiuza kuti ndikawatenge, kapena ng'ombe zibwerere. Ndinawauza kuti atuluke pakhomo panga.

Mvula inagwa kumtunda tili m'chipatala. Mtsinje unadzaza n'kulowa m'dimba. Chimanga chimene ndinkathamangira chija chinaolera m'madzi chonse.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza mkazi wanga atatola chikoti pagombe. Anadikira kuti ndifike. Anachiika pa chitsa, nachidula ndi nkhwangwa zidutswazidutswa ine ndikuona, nakaziponya m'chimbudzi. Sindinamuletse. Ng'ona ya diso limodzi anthu anaionapo kawiri chaka chotsatira, kumunsi. Palibe anaipha.

Mwana wanga ali moyo. Amakonza njinga pamsika wina kwa Kasisi. Mayi ake amapitako. Iwo ndi amene anandiuza kuti chichirireni matenda aja, amadzuka tambala asanalire kachiwiri, popanda womuitana. Amati akamatsegula malo ake anzake amakhala akadali m'tulo. Sanali waulesi. Ali ndi ana anayi tsopano. Atatuwo sindinawaonepo. Ndinapitako kamodzi, patatha zaka ziwiri. Anandipatsa mpando, mkazi wake anandiphikira nkhuku. Iye anandipatsa moni ngati mlendo wodutsa, napitiriza kumanga sipoko. Sindinapemphe chikhululuko. Sindinkadziwa poyambira, ndipo iye sanandifunse.

Njira yanga yodzukira sindinaisiye, ndipo sindinena kuti ndi yoipa. Gona msanga. Usamwe. Usakhute usiku. Ukadzuka imirira, imwa madzi, samba ozizira, idya phala. Ndadutsa zaka 70 ndipo ndimalimabe, khasu nditaligwira ndi zala zisanu ndi ziwiri. Koma njirayo ndi ya munthu wamoyo bwino. Munthu amene ankadzuka kale akayamba kulephera, mukokereni chikope cham'munsi muone. Mukapeza moyera, mopanda magazi, si tulo timeneto. Mpongozi wanga ankadziwa zimenezi, ndipo anandiuza atagwada.

Masiku ano ndimasamba kuseri kwa nyumba, madzi a m'ndowa ochokera pamjigo. Amayi a m'mudzi ali ndi mafoni owauza nthawi. Palibe amafunsanso ngati ndadutsa.

Zimene zinatayika m'mawa umenewo ndi izi. Mwendo umodzi wa mwana wanga, kuyambira pa bondo. Zala zanga zitatu. Nthiti ziwiri, zimene zinalumikizana mokhota. Nkhafi imodzi ya mnzanga. Chitseko chimodzi ndi neti imodzi. Chimanga cha dimba lonse. Chikoti cha bambo anga. Anthu atatu amene ankadya pakhomo panga. Ndiponso liwu loti "baba" lochokera pakamwa pa mwana ameneyo. Ndinalimva komaliza ali m'madzi.